Kubwerera M'siwa

Kwathu kuno, kufupi ndi Zingalume, pakagwa maliro amuna amathyola nthambi n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi. Wa njinga akafika pamasambapo amatsika, wa ngolo amaletsa ng'ombe kuthamanga, wa chipewa amavula. Ine kwa zaka ziwiri ndinali ndi mwambo wangawanga. Ndikaona masambawo ndinkatembenuka n'kubwerera kumene ndachokera, ngakhale nditasenza chimanga cha kuchigayo.

Zinayamba pa maliro a mng'ono wanga. Anamwalira mu Okutobala, nthawi ija dzuwa limaswa mtengo. M'siwa, m'nyumba imene thupi limagona lisanapite kumanda, tinadzazamo amayi mpaka pakhomo, mwendo pa mwendo, mazenera ali chitsekere. Ine monga mkulu wake ndinakhala kumutu kwa malemu. Nyimbo ili mkati, mtima wanga unayamba kugunda ngati wina akusinja m'chifuwa. Manja anachita dzanzi, mpweya unakana kulowa, ndipo sindinakayike kuti ndikufa pomwepo, kuti aika awiri tsiku limodzi. Ndinadzambatuka, ndinadumpha miyendo ya amayi akuluakulu, ena ndinawaponda, n'kuthamanga mpaka kuseri kwa khola la mbuzi. Kumeneko mtima unakhala pansi ngati palibe chachitika. Mng'ono wanga anamuika ine ndili kuseri kwa khola.

Pa maliro otsatira zinandigwira ndisanalowe n'komwe m'nyumba. Pa achitatu zinandigwira pamasamba. Kuyambira pamenepo ndinaleka kupita.

Amene anakulira m'tauni mwina sangamve kulemera kwake. Maliro n'kulirana. Munthu akhoza kukukhululukira mbuzi yako itamudyera chimanga, koma kujomba pa maliro a mwana wake sangaiwale mpaka kufa. Palibe amene amakulemba dzina, koma amayi onse amadziwa amene anabwera ndi nkhuni, amene anatunga madzi, ndi amene anakhala m'siwa. Tsiku lako likafika amakubwezera zomwezo. Adzukulu amakumba manda mwaulesi, amayi amabwera manja ali lende, nyimbo zimatha zisanayambe.

Woyamba kundinena poyera anali msuweni wanga, mwana wa amalume. Tinakula limodzi, tinavinidwa chaka chimodzi. Pa chisuweni munthu amaloledwa kunena chilichonse, bola azinena akuseka, ndipo iyeyu lilime lake silinkafuna kunola.

“Taonani abwana afika, aja sadya nawo nyemba za pamaliro,” anatero tsiku lina pachitsime. “Iwe ukadzafa zidzakulira ndi nkhuku zako.”

Amayi onse anaseka, inenso ndinaseka nawo, chifukwa ukakwiyira msuweni amati sudziwa mwambo. Koma patapita masabata angapo, pachitsime pomwepo, anawonjezera.

“Komatu akuluakulu amati wothawa mtembo amadziwa chimene chaupha.”

Apa palibe anaseka. Ankanena mng'ono wanga, mwana amene ndinamubereka kumsana ndili wamng'ono, amene ndinamusambitsa miyezi itatu akudwala. Ndinanyamula ndowa yanga yodzaza n'kumukhuthulira madzi onse kuyambira kumutu. Mpaka lero ena amati ndinalakwa. Ine ndimangodandaula kuti ndinayenera kutunganso.

Amene anasenza katundu wa kujomba kwanga anali amayi anga. Anali okalamba kale, mawondo otupa, oyenda ndi ndodo. Koma maliro alionse, kaya m'mudzi mwathu kaya kutali ku Zemba, ankapita, atanyamula mbale ziwiri za ufa, yawo ndi yanga. Akafika ankauza anthu kuti mwana wawo wadwala. Tsiku lina anabwera nawo pa ngolo, atawagoneka pa matumba a mtedza, chifukwa mawondo anakana panjira. Ndikuwathowa ndi madzi ofunda ndinawakalipira kuti aleke zoyendayendazi.

“Ndikaleka ine apite ndani?” anandifunsa. Kenaka anati, “Ine kufa sindiopa, mwanawe. Chimene ndiopa n'kugona m'siwa, mwana wanga ali kuseri kwa khola.”

Mawu amenewo anandipweteka kuposa a msuweni, chifukwa munalibe chipongwe. Anali atatsala ndi mwana wamkazi mmodzi, ineyo. Kumutu kwawo kunalibe wina wodzakhalako.

Sikuti ndinangokhala manja lende. Amayi a kumpingo anandipempherera kangapo, ndipo ndimawathokoza, koma masamba pamsewu ankandibwezabe. Ena anandilozera kwa asing'anga. Ndinakana, chifukwa kumeneko akanandifunira munthu wondilodza, ndipo m'banja mwathu milandu inali itakwana kale. Ndinapita kuchipatala ku boma. Anandiyeza malungo, bipi, shuga, anamvetsera mtima, zonse zili bwino. Adokotala amene anandiona ulendo wachitatu anandifunsa kuti mtimawo umathamanga nthawi yanji. Nditawauza, analemba kapepala n'kunena kuti ndikaonane ndi alangizi Lachinayi.

Vuto linali chipinda cha alangiziwo. Ndi momwe anthu amakamvera zotsatira za magazi, ndipo benchi yake ili panja, poonekera kwa aliyense wopita kumsika. Kwathu munthu akakuona pa benchi imeneyo, nkhani imafika kumudzi iwe usanafike. Amuna anga anandiuza zomwezo.

“Kodi anthu anena chiyani akakuonani pamenepo?”

“Anena kale kuti ndine mfiti,” ndinawayankha. “Akati ndili ndi kachilombo ndiye andikweza, chifukwa kameneko kali ndi mankhwala. Popani njinga.”

Anapopa. Ndinakhala pa benchi ija Lachinayi, kutsogolo kwenikweni, chitenje changa chatsopano chili m'chiuno. Mayi wina wa m'mudzi mwathu anadutsa ndi dengu la tomato, khosi lili chopotokera kwa ine. Ndinamupatsa moni mokweza kuti asavutike kufunsa ngati ndinali ineyo. Anzanga a pa benchi, amene ankabweradi kudzatenga mankhwala otalikitsa moyo, anaseka mpaka kugwirana manja. Anthu amenewo anali atazolowera maso a anthu kalekale, ndipo m'miyezi yotsatira anandiphunzitsa zambiri za kusasamala zonena anthu.

Alangizi anali mayi wamng'ono kwa ine, wolankhula mosathamanga. Ndinayembekeza jakisoni kapena mapiritsi. Iwo anangokoka mpando n'kundifunsa mafunso, ndipo ine ndinafotokoza zonse, za mng'ono wanga, za khola, mpaka za ndowa ija. Pa ndowa anabisa kumwetulira.

“Amayi, mtima ukayamba kuthamanga, mumatani?”

“Ndithawa.”

“Mukathawa?”

“Ukhala pansi.”

“Munayamba mwakhalapo osathawa, kuti muone chimene chichitike?”

“Chimene chichitike ndichidziwa. Ndifa.”

“Zakugwirani kangati?”

“Kosawerengeka.”

“Mwafa kangati?”

Ndinawayang'ana, ndipo ndikanakhala ndi ndowa pafupi sindidziwa. Anandifotokozera kuti matendawa ndi a nkhawa, kuti alipo ambiri odwala, ndipo si ufiti kapena misala. Anati thupi lili ndi njira yake yochenjezera munthu akakumana ndi njoka: mtima umathamanga, mpweya umafupika, miyendo imafuna kuthawa. Langa linasokonezeka tsiku la mng'ono wanga, linayamba kuona siwa ngati njoka. Ndipo nthawi iliyonse ndikathawa, thupi linkatsimikiza kuti chandipulumutsa ndi kuthawako. Anati manthawo amakwera, amafika pamwamba, kenaka amatsika okha, koma ine ndinali ndisanadikirepo kuti ndiwaone akutsika.

Kenaka anayamba kundiphunzitsa kupuma. Kukoka mpweya ndi mphuno mpaka m'mimba, n'kuutulutsa pang'onopang'ono ngati ukuuzira phala la mwana.

“Ndapalasa njinga mtunda wonsewu kudzaphunzira kupuma?” ndinawafunsa. “Ine ndakhala ndikupuma chibadwire.”

“Ndaona,” anatero. “Koma mubwere Lachinayi linalo, mudzandiuze ngati zalephera.”

Ndinatuluka ndili wokwiya, ndipo ndinabwereranso makamaka kuti ndikawauze kuti zalephera. Kunyumba ndinkayeserera m'munda, pokumba mtedza, pomwe palibe wondiona. Lachinayi litafika ndinapeza kuti zonena ndilibe, chifukwa tsiku lina mtima utayamba, nditangomva kulira kuchokera kumudzi woyandikana nawo, ndinauzira phala lija ndipo manja sanachite dzanzi.

Ulendo wachitatu tinapanga makwerero. Anandiuza nditchule zonse zimene ndimaopa pa maliro, kuyambira chaching'ono. Pansi panali kuima pamasamba. Kenaka kuwoloka masamba n'kukatula nkhuni. Kenaka kuphika nawo kuseri. Kenaka kukhala pakhonde la siwa, kenaka pakhomo, kenaka mkati. Anati ndisakwere sitepe ina ngati yoyambayo ndisanaizolowere, ndipo pa iliyonse ndizikhalapo mpaka mantha atatsika. Ankafuna ndiziyeza manthawo kuyambira pa chimodzi mpaka khumi, n'kumalemba m'kope. Ndinawauza kuti munthu satulutsa kope pa maliro. Ndiye tinagwirizana za mtedza. Ndinkamanga njere khumi pangodya ya chitenje. Mantha akakhala aakulu ndinkafumbata zonse kudzanja lamanja, akamatsika ndinkasamutsa imodziimodzi kupita kumanzere.

Sindinapempherere maliro, Mulungu akudziwa, koma kwathu kuno sasowa. Pasanathe masabata awiri masamba anayalidwa pamsewu wa kumunsi, kunamwalira agogo ena a mudzi woyandikana nawo. Ndinapita n'kukaima pamasamba penipeni. Njere zisanu ndi zinayi zinali kumanja. Thukuta linali kamukamu, anthu akundilambalala n'kumandiyang'ana ngati mbuzi yosokera. Mumtima ndinkatukwana alangizi aja ndi makwerero awo. Koma ndinaima, ndikuuzira phala. Sindidziwa panapita nthawi yaitali bwanji, koma ndinazindikira kuti ndikumva nyimbo ya kumaliroko mpaka mawu ake, ndipo ndinasamutsa njere imodzi. Kenaka ina. Nditatsala ndi zinayi ndinabwerera kunyumba, ndikuyenda osati kuthamanga. Tsiku limenelo sindinakhuze maliro, koma ndinaona ndi maso anga kuti chinthucho chimatopa.

Msuweni wanga sanachedwe kumva.

“Akuti wayamba kulondera masamba a pamsewu,” anatero pachitsime, ataima patali ndi ndowa yanga. “Amakupatsa zimenezo pa benchi ija?”

“Eya,” ndinamuyankha. “Lachinayi lililonse. Ukafuna ndidzakukweza pa keliyala.”

Sizinayende mowongoka. Nkhuni ndinatula bwinobwino, kuphika kuseri kunali kosavuta chifukwa manja amakhala ndi ntchito ndipo amayi amacheza. Koma nditafika pakhonde la siwa koyamba, fungo la m'nyumbamo, la thukuta ndi mphasa ndi maluwa, linandibwezera kwa mng'ono wanga, ndipo ndinathawa ngati kale. Lachinayi lotsatira sindinapite ku boma. Ndinachita manyazi. Sabata linalo amayi anga anandigogoda ndi ndodo yawo pamwendo n'kunena kuti njinga ili panja.

Alangizi sanandikalipire. Anandifunsa chimene ndinaona pakhondepo, ndipo tsiku limenelo sitinakambe za kupuma. Ndinalira mng'ono wanga, kulira kumene sindinalire pa maliro ake. Ndinawauza chimene ndinali ndisanauzepo munthu, kuti tsiku lomaliza anandipempha madzi, ine ndinati adikire ndimalize kuanika ufa, ndipo nditabwera ndi kapu anali atasiya kulankhula. Alangizi anandifunsa kuti ndinamupatsa madzi kangati m'miyezi itatu ija. Sanandiuze kuti ndilibe mlandu, anandisiya ndiwerenge ndekha.

Anandiuzanso china chimene chinandimasula. Kutuluka m'siwa kukapuma si kuthawa, bola ubwererenso. Kuthawa n'kupita osabwerera.

Miyezi inapita. Pakhonde ndinazolowera, pakhomo ndinakhalapo kawiri. Mkati ndinali ndisanalowe. Kenaka mvula itangoyamba, amuna ake a msuweni wanga anagwa m'munda akubzala, osadzukanso.

Kunena zoona, mtima wina unandiuza kuti ndisapite, alire ndi nkhuku zake. Amayi anali atayamba kale kufunafuna ndodo ndi mbale ziwiri zija. Ndinawalanda mbalezo.

“Amama, lero mukhala. Ndipita ndine.”

“Ukakhala pati?”

“Mkati.”

Ndinawoloka masamba, ndinatula ufa, ndinavula nsapato pakhomo n'kulowa chokwawa. Amayi a m'nyumbamo anandipatsa njira, ena akukodolana. Msuweni wanga anali pangodya, tsitsi lili nyankhalala, mawu atatha ndi kulira. Ndinakakhala pambali pake, kutali ndi khomo, pomwe sungatuluke osadumpha miyendo ya anthu. Mtima unayamba nthawi yomweyo. Njere zonse khumi zinali kumanja. Ndinauzira phala pakati pa nyimbo, ndipo ndi dzanja lamanzere ndinamugwira msuweni wanga paphewa. Anatembenuka, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagonetsa mutu pachifuwa panga.

“Iwe, mtima wako ukugunda bwanji,” ananong'ona.

“Usiye ugunde. Ukatopa uleka.”

Dzuwa litafika paliwombo ndinaona kuti zandikulira. Ndinapempha njira mwaulemu, ndinatuluka, ndinakaima pafupi ndi nkhokwe, poyera, pomwe amuna onse okhala pansi pa mtengo ankandiona. Kuseri kwa khola sindinapite. Ndinapuma mpaka njere zisanu zitapita kumanzere, kenaka ndinavulanso nsapato n'kubwerera pamalo anga. Kumanda ndinapita, ndipo pobwera ndinamuchirikiza msuweni wanga njira yonse.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi akhala pakhonde, nkhani itawafika kale monga mwa nthawi zonse.

“Ndamva kuti unatuluka,” anatero.

“Ndinatuluka. Munamvanso kuti ndinabwerera?”

“Ndamva.” Anasisita bondo lawo. “Basi, tsopano ndingathe kufa.”

“Musafulumire, Amama. Alangizi anati ndizikwera pang'onopang'ono.”

Anaseka mpaka kutsokomola.

Sindinachire ngati munthu wochira malungo. Mpaka lero ndikaona masamba pamsewu mtima umadumpha, ndipo mtedza sumachoka pangodya ya chitenje. M'mudzi alipo amene amakhulupirirabe kuti pa benchi ija ndinkakatenga mankhwala, ena amati alangizi anandipatsa chithumwa cha mtedza. Anene. Sindinapalase njinga miyezi yonse ija kuti ndikonze pakamwa pa anthu. Msuweni wanga sanapepese, asuweni sapepesana, koma mawu aja a wothawa mtembo sanawabwerezenso, ndipo wina akayamba amamudula ndi iyeyo.

Amayi anakhala nafe chaka china ndi miyezi ingapo, osayendanso maliro a kutali. Anamwalira nthawi yokolola, m'mawa, nditangowamwetsa madzi. Masamba anayalidwa pamsewu wathu, ndipo anthu anabwera, a m'mudzi, a ku Zemba, ndi awiri mwa anzanga a pa benchi ija. Nkhuni zinatsala. Ine ndinakhala kumutu kwawo, msuweni wanga ali pambali panga. Ndinatuluka katatu, ndipo katatu konse iye anayala chitenje chake pamalo anga kuti wina asakhalepo. Pamene adzukulu analowa kudzanyamula bokosi, anandipeza ndili pomwepo.